Mafunso ndi mayankho kwa ophunzira zojambulajambula ndi dizaini amene akuyamba kukonza zithunzi pakompyuta

Awa ndi mafunso amene ophunzira amafunsa mobwerezabwereza akangoyamba kugwira zithunzi pakompyuta. Ena ndawayankha mwachidule. Pa okhudza kukula kwa chithunzi, mitundu ndi maleya (zigawo zosanjikana za chithunzi) ndachedwapo dala, chifukwa ndi pamenepo pamene ntchito ya munthu waluso imawonongekera.

Kodi luso limeneli si kungodziwa Photoshop basi?

Ayi. Photoshop ndi chida chabe. Luso lenileni limayambira polowetsa chithunzi m'kompyuta, kaya ndi kamera, sikana kapena cholembera cha pa thabuleti, mpaka pochitulutsa kuti chikaoneke bwino kumene chikupita: papepala, pa sikirini ya foni, pansalu kapena pachikwangwani. Munthu atha kuloweza mabatani onse a pulogalamu koma n'kupereka fayilo imene ikatuluke mbuu, mitundu itazilala.

Chimodzi mwa zithunzi zoyambirira kulowetsedwa m'kompyuta ndi sikana chinali cha khanda, mwana wa Russell Kirsch, ku America mu 1957. Chinali ndi timadontho 176 m'lifupi ndi 176 m'litali. Timadontho timeneti ndi mapikiselo, ndipo kalikonse kamasungidwa ngati nambala. Photoshop, imene anailemba pachibale Thomas ndi John Knoll, inadzatuluka mu 1990. Kuchokera nthawi imeneyo mabatani asintha malo kambirimbiri, koma chithunzi chikadali gulu la manambala. Amene wamvetsa zimene manambalawo akuchita sasowa pogwira akapatsidwa pulogalamu yachilendo.

Ndimajambula bwino ndi pensulo ndi utoto. Ndivutikirenji ndi kompyuta?

Chifukwa ambiri mwa anthu amene adzaweruze ntchito yanu sadzaima patsogolo pake. Osankha ophunzira, olemba ntchito ndi okonza zionetsero adzaiona pa sikirini. Chojambula chimene munachikhetsera thukuta chikatengedwa ndi foni m'chipinda cha mdima, chitapendekera, mthunzi wa dzanja lanu uli pakona, iwo adzaweruza chithunzi choipacho. Zimandiwawa kuona ntchito yabwino ikugwa pa chifukwa chotere.

Luso lanu la pensulo silitayika. Amene amadziwa kale kuona kumene kuwala kukuchokera, kulemera kwa mzere ndi kayalidwe ka zinthu papepala amapita patsogolo msanga kuposa amene akudziwa mabatani okha. Kompyuta siipatsa munthu diso, ndiye musasiye buku lanu lojambulamo.

Ndiyambe ndi pulogalamu iti?

Imene mungaipeze mwalamulo n'kumaitsegula tsiku ndi tsiku. M'maofesi ambiri a dizaini mumapezeka mapulogalamu a Adobe: Photoshop ya zithunzi za mapikiselo, Illustrator ya mavekita (zojambula zosungidwa ngati mizere, osati timadontho), ndi InDesign yoyalira masamba. Kuyambira mu 2013 atsopano ake sagulidwanso kamodzi n'kukhala ako, amalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Funsani kaye ngati sukulu yanu ili ndi chilolezo cha ophunzira.

Aulere aliponso, ndipo si amasewera. GIMP yakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Krita ndi yabwino kwambiri popenta. Inkscape ndi ya mavekita, Scribus ndi ya masamba, darktable ndi RawTherapee ndi zokonzera zithunzi za kamera. Photopea imagwira ntchito pa intaneti popanda kuiika m'kompyuta, ndipo imatsegula mafayilo a PSD, amene ndi a Photoshop.

Sankhani imodzi ya mapikiselo ndi imodzi ya mavekita, mukhale nazo miyezi ingapo osadumphadumpha. Mapulogalamu akuba musawaike m'kompyuta imene mukusungamo ntchito yanu, chifukwa kawirikawiri amabwera ndi mavairasi.

Kompyuta yanga ndi yakale. Kodi ndikufunika ina, komanso thabuleti yojambulira?

Pophunzira, kompyuta yakale imakwana. Imayamba kulemedwa mukachulutsa maleya pa fayilo yaikulu, ndipo chimene chimathandiza kwambiri ndi kuwonjezera RAM, mmene kompyuta imaikamo zimene ikugwira pa nthawiyo, ndi kuika SSD, chosungira mafayilo chachangu. Ngati mungathe kusintha chinthu chimodzi chokha, ganizirani za sikirini: ya mtundu wa IPS siisintha mitundu kwambiri mukasuntha mutu.

Thabuleti ndi yofunika kwa openta ndi okonza nkhope, chifukwa cholembera chake chimamva mphamvu ya dzanja, mzere n'kumanenepa kapena kuwonda. Yopanda sikirini imakwanira. Masiku oyamba dzanja ndi maso sizigwirizana, poti mukulemba pansi mukuyang'ana kutsogolo, koma zimazolowereka. Kwa okonza malogo ndi masamba, mausi ndi yokwanira.

Mapikiselo ndi mavekita amasiyana bwanji?

Chithunzi cha mapikiselo chili ndi chiwerengero chokhazikika cha timadontho. Mukachikulitsa, timadontho tomweto timangotambasuka, m'mphepete n'kuyamba kuoneka timasitepe. Vekita siisunga timadontho. Imasunga malangizo akuti mzere uyambire apa, upinde chonchi, ukathere apo, mkati muthiridwe mtundu wakuti. Kompyuta imaujambula mwatsopano pa kukula kulikonse, choncho logo imodzi imatuluka yakuthwa pa cholembera ndiponso pakhoma la nyumba.

Mizere yopindayo imatchedwa ndi dzina la Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya magalimoto ya Renault ku France, amene ankaigwiritsa ntchito pokonza maonekedwe a magalimoto m'zaka za m'ma 1960. Paul de Casteljau wa ku Citroën anali atapeza kale masamu omwewo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mukagwira chida cha Pen, chojambulira mizere ya vekita, n'kumakoka tizigwiriro tiwiri ta pa kadontho, ndi masamu amenewo mukuseweretsa.

Logo, zilembo, mapu ndi zizindikiro zipangeni ndi mavekita. Zithunzi za kamera ndi zopenta zokhala ndi mithunzi yofewa ndi za mapikiselo. Logo yopangidwa ndi mapikiselo imadzabwerera kwa mwini wake tsiku limene kasitomala wafuna kuiika pagalimoto.

Aphunzitsi amangoti "300". Nambala imeneyi ikutanthauza chiyani?

Yambani ndi mfundo iyi: fayilo ilibe masentimita, ili ndi mapikiselo okha. Masentimita amabwera pamene mwasankha kuti mapikiselowo muwapanikize motani papepala. Nambala imene aphunzitsi akunenayo ndi ya ppi, chiwerengero cha mapikiselo amene alowe mu inchi imodzi, ndipo inchi ndi masentimita 2.54. Pa buku, magazini kapena kabuku kogwira m'manja, mapikiselo 300 pa inchi ndi okwanira kuti diso lisaone timadontho.

Masamu ake ndi osavuta. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Pa 300 ppi likufuna mapikiselo 2480 ndi 3508. Chithunzi cha kamera ya mamegapikiselo 12, kutanthauza mapikiselo mamiliyoni 12, chimakhala cha mapikiselo pafupifupi 4000 ndi 3000. Gawani ndi 300, mupeza mainchi 13.3 ndi 10, amene ndi masentimita pafupifupi 34 ndi 25. Chimenechi chidzadza A4 bwinobwino. Tsono tengani kachithunzi ka 800 ndi 600 kamene mwakapeza pa intaneti. Pa sikirini kakuoneka kokongola, koma pa 300 ppi kangotuluka masentimita pafupifupi 7 ndi 5. Mukakakamiza kuti kadzadze tsamba lonse, katuluka kachimbuuzi.

Nambala ya 300 si lamulo la pena paliponse. Imatengera mtunda umene munthu aime. Positala yoonera patali ndithu imatha kutuluka bwino pa 150, ndipo chikwangwani cha pamsewu chimasindikizidwa ndi ppi yochepa kwambiri chifukwa palibe amene amachiyandikira. Funsani osindikiza.

Pa sikirini nambala ya ppi ilibe ntchito. Mudzamva anthu akuti zithunzi za pa intaneti zikhale pa 72. Ndi chizolowezi chakale chabe. Chithunzi cha mapikiselo 1200 m'lifupi chimaoneka chimodzimodzi pa tsamba la intaneti kaya mwalembapo 72 kapena 300.

Pali kabokosi kamodzi kamene kamasokoneza ambiri, ka Resample, m'gawo losinthira kukula kwa chithunzi. Mukakazimitsa n'kusintha ppi, mapikiselo sakhudzidwa, mwangosintha kukula kumene chithunzi chituluke papepala. Mukakayatsa, pulogalamu itaya mapikiselo kapena ipeka ena. Muziyang'ana chiwerengero cha mapikiselo musanadine OK. Za dpi, amenewo kwenikweni ndi madontho a inki a makina osindikizira, ngakhale anthu ambiri amatchula dpi akutanthauza ppi.

Chifukwa cha zonsezi, funso loyamba musanatsegule fayilo yatsopano ndi lakuti ntchitoyi ikupita kuti ndipo ikakhala yaikulu bwanji. Ngati simukudziwa, yambani ndi yaikulu. Kuchepetsa n'kosavuta.

Ndiye kachithunzi kakang'ono sindingakakulitse?

Pang'ono mungathe. Koma zimene kamera siinagwire mulibemo m'fayilo. Njira zakale zimangoyerekeza mapikiselo a pakati, chithunzi n'kufewa. Zida zatsopano za AI zimatulutsa chooneka chakuthwa, koma zimachita kupeka tsitsi, khungu ndi zilembo zimene panalibe. Pa nkhope ya munthu weniweni kapena chithunzi cha mbiri yakale, zimenezi n'zoopsa. Pitani mukafunefune fayilo yoyamba, kapena jambulaninso.

N'chifukwa chiyani mitundu imasintha ndikasindikiza?

Sikirini imatulutsa kuwala. Imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, kumene timati RGB, ndipo kutatuko kukadzaza pamatuluka choyera. Pepala silitulutsa kuwala, limangobweza kumene kwaligwera. Inki zinayi za CMYK, zimene ndi cyan, magenta, yachikasu ndi yakuda, zimameza gawo la kuwalako, ndipo mukazichulutsa pepala limada. Choncho pali mitundu imene sikirini imaonetsa koma inki zinayizi sizingaifike: buluu wowala kwambiri, chobiriwira chothobwa m'maso, ndi olenji wina. Palibe batani limene lingasinthe zimenezi. Chimene mungachite ndi kudziwiratu n'kusankha mitundu imene ipulumuke.

Chachiwiri ndi mapulofayilo a mitundu. Manambala atatu a RGB paokha sanena kuti chofiira chake n'chofiira chotani. Pulofayilo ndi imene imamasulira. Ya sRGB, imene anakonza a HP ndi Microsoft mu 1996, ndi imene intaneti ndi mafoni ambiri amayembekezera. Adobe RGB ya mu 1998 ndi yotakata, makamaka pa zobiriwira, koma fayilo yake ikatsegulidwa ndi pulogalamu yosawerenga mapulofayilo imaoneka yozilala. Ngati mukuyamba kumene, gwirani ntchito mu sRGB, ndipo posunga muzionetsetsa kuti pulofayilo yalowa m'fayilo. Dziwaninso kusiyana kwa malamulo awiri ofanana maina. Convert imasintha manambala kuti maonekedwe akhale omwewo. Assign imasiya manambala n'kusintha maonekedwe. Nthawi zambiri mukufuna Convert.

Chachitatu, ndipo ndi chimene chimagwira ophunzira ambiri, ndi kuwala kwa sikirini. Ikakhala yowala kwambiri, chithunzi chakuda chimaoneka ngati chili bwino, papepala n'kutuluka bii. Tsitsani kuwala mpaka choyera cha pa sikirini chiyandikire pepala loyera limene mwaliika pambali pake. Zimitsani zija zosintha sikirini kukhala yachikasu usiku. Ngati sukulu ili ndi kachipangizo koyezera sikirini, kabwerekeni.

Pepala nalo lili ndi mbali yake. Losalala lonyezimira limasunga inki pamwamba, mitundu n'kuwala. Lokhakhala limamwa inki, mitundu n'kufatsa. Funsani osindikiza pulofayilo ya makina ndi pepala lawo, muyatse Proof Colors kapena Soft Proofing kuti muone pa sikirini mmene zingatulukire. Fayilo yanu ya RGB isungeni, musinthe kope lokha kukhala CMYK. Ndipo zilembo zing'onozing'ono zakuda zikhale za inki yakuda yokha. Zikapangidwa ndi inki zonse zinayi, makina akangophonya pang'ono m'mphepete mwa chilembo mumaoneka timizere tamitundu. Pa ntchito yofunika, pemphani kope limodzi loyesera musanalole kuti asindikize zonse.

Maleya ndi mamasiki n'zofunikadi, kapena n'zongochulutsa ntchito?

Ngati pali chizolowezi chimodzi chimene ndikufuna mutenge pano, ndi ichi: gwirani ntchito m'njira yoti muthe kubwerera m'mbuyo mawa, osati lero lokha. Undo imatha mukatseka fayilo. Maleya satha.

Leya ili ngati pepala la pulasitiki loonekera mkati limene mwalisanjika pamwamba pa linzake. Kumwamba pa lina, munthu pa lina, zilembo pa lina. Mutha kusuntha chimodzi osakhudza zinazo. Photoshop yenyeniyo inalibe maleya mpaka mu 1994, ndipo amene ankagwira ntchito kale ankati akamata chinthu, chamatika.

Masiki, chophimba chimene chimabisa mbali ya leya osaifufuta, ndi imene imasiyanitsa wongoyamba ndi wozolowera. Tiyerekeze kuti mukuchotsa khoma kumbuyo kwa munthu. Mwatenga chofufutira, mwafufuta, mwasunga, mwatseka. Mawa aphunzitsi akuti phewa mwalidya, ndipo tsitsi laoneka ngati lodulidwa ndi lumo. Mapikiselo aja anapita. Mukanaika masiki, mukanapenta ndi chakuda pamene mukufuna kubisa. Chakuda chimabisa, choyera chimaonetsa, chotuwa chimaonetsa pang'ono. Kuti phewa libwerere, mukanangotenga burashi yoyera n'kupakapo kawiri. Patsitsi mukanagwiritsa ntchito burashi yofewa yotuwa kuti timatsitsi ta m'mphepete tisakanikirane ndi chakumbuyo chatsopano.

N'chimodzimodzi pokonza kuwala ndi mitundu. Musasinthe chithunzi chenichenicho. Ikani leya ya Levels kapena Curves pamwamba, imene mungaitsegulenso n'kuisintha nthawi iliyonse. Chithunzi chimene muzichikulitsa ndi kuchichepetsa kangapo chisandutseni Smart Object kuti chisamataye mapikiselo. Krita ili ndi njira zofanana, ndipo GIMP 3.0 ya mu 2025 inabweretsa zosefera zotha kusinthidwanso pambuyo pake.

Kwa ojambula pamanja pali kachinsinsi kamene mudzakakonde. Sikanani chojambula cha inki, muike leya yake pamwamba, muisinthe kukhala Multiply. Choyera cha pepala chizimiririka, mizere yakuda itsala, ndipo mutha kupaka mitundu pa maleya a pansi osaipitsa mzere ngakhale umodzi.

Muzipatsa maleya maina. Fayilo ya maleya 40 opanda maina imasokoneza ngakhale mwini wake pakatha mwezi.

Ndisunge ngati JPEG, PNG, TIFF kapena PDF?

Khalani ndi fayilo yogwiriramo ntchito, yokhala ndi maleya onse: PSD, XCF ya GIMP, kapena KRA ya Krita. Zina zonse ndi makope otumiza.

JPEG, ya mu 1992, imachepetsa fayilo potaya zina mwa zimene diso silizindikira msanga. Imagawa chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 ndi 8, ndipo ikapanikizidwa kwambiri timabokosito timayamba kuoneka, makamaka mozungulira zilembo. Mukaitsegula, kuisintha n'kuisunganso, imatayanso zina. Ndi yabwino pa kope lomaliza la chithunzi cha kamera, koma siisunga malo oonekera mkati. PNG siitaya kanthu ndipo imasunga malo oonekera mkati, choncho imayenera malogo ndi zojambula za pa intaneti, koma siidziwa CMYK. TIFF ndi ya zosindikiza ndi zosunga nthawi yaitali. SVG ndi vekita ya pa intaneti. PDF imanyamula zilembo, mavekita ndi zithunzi pamodzi, n'chifukwa chake osindikiza ambiri amaifuna.

Chenjerani ndi mapulogalamu otumizirana mauthenga, chifukwa ambiri amachepetsa zithunzi mwakachetechete. Tumizani ngati dokyumenti kapena perekani linki.

RAW, 8-bit, 16-bit ndi histogram, zonsezi n'zanga ine wongoyamba?

Histogram ndi yanu kuyambira lero. Ndi kagirafu kosonyeza kuchuluka kwa mapikiselo kuyambira akuda kumanzere, pa 0, mpaka oyera kumanja, pa 255. Akaunjikana n'kugunda khoma la kumanja, mbali zowala zapsa ndipo mulibenso kanthu. Sikirini itha kukunamizani, kagirafuka ayi.

Mu 8-bit mtundu uliwonse mwa itatu ija uli ndi masitepe 256, ndipo pamodzi imapereka mitundu 16,777,216. Ikuoneka yambiri, koma mukakoka Curves mwamphamvu pa thambo losalala, masitepe amatalikirana, pathambo n'kuoneka mizeremizere. Mu 16-bit masitepe amafika 65,536, choncho pali malo okokera. Fayilo ya RAW imasunga zimene kamera inagwira isanaziphike, kawirikawiri pa 12 kapena 14-bit, ndipo imalola kukonza mtundu wa kuwala ndi kutulutsa zobisika mumthunzi. Ngati kamera kapena foni yanu ili ndi RAW, igwiritseni ntchito pa zithunzi zofunika.

Ndingajambule bwanji ntchito yanga ya papepala kapena pansalu kuti ioneke mmene ilili?

Yaing'ono yosalala isikaneni: 300 ppi ngati ituluke pa kukula komweko, 600 ngati mudzaikulitse kapena ngati ndi mizere ya inki. Pukutani galasi, ndipo zimitsani zonse zimene sikana imakonza yokha. Ya makala kapena choko musaigoneke pagalasi, ipaka.

Yaikulu ijambuleni ndi kamera. Ipachikeni pakhoma mowongoka. Kamera ikhale pa choimikira, lenzi italoza pakati penipeni pa chojambulacho, osapendekera m'mwamba kapena pansi. Imani patali pang'ono kuti m'mphepete musapinde. Ikani magetsi awiri ofanana, lina kumanzere lina kumanja, lililonse likuwala mopendekera pa madigiri 45, kuti kunyezimira kwa utoto kusabwerere mu lenzi. Ngati mulibe magetsi, pitani panja pamthunzi kapena tsiku la mitambo. Musasakanize kuwala kwa pawindo ndi kwa babu, chifukwa mbali ina idzatuluka yabuluu ina yachikasu. Fulashi ya pa kamera izimitseni. Pa chithunzi choyamba ikani khadi lotuwa pambali, lidzakuthandizani kukonza mtundu wa kuwala ndi kudina kumodzi. Gwiritsani ntchito taima kuti dzanja lisagwedeze kamera.

Pokonza, chojambula chenichenicho chikhale pambali panu. Cholinga ndi choti zifanane, osati kuti chithunzi chipose ntchito.

Kodi ndingatenge chithunzi chilichonse cha pa intaneti?

Ayi. Chithunzi chili ndi mwini wake ngakhale palibe chizindikiro chilichonse. Pangano la Berne la mu 1886, limene mayiko ambiri anasaina, limati umwini umayamba ntchito ikangopangidwa, ndipo pa ntchito zambiri umakhalapo zaka zosachepera 50 mwini atamwalira. Mayiko ena anaika 70. Zimene mungaloledwe m'kalasi si zimene mungaloledwe pogulitsa kapena pofalitsa.

Zololedwa zilipo zambiri. Zilolezo za Creative Commons, zimene zinayamba mu 2002, zimanena poyera zimene mwini walola: BY ikufuna mumutchule, NC ikuletsa malonda, ND ikuletsa kusintha, SA ikufuna mugawe ntchito yanu pa chilolezo chomwecho. CC0 ilibe zoletsa. Metropolitan Museum of Art ya ku New York inatsegula zithunzi zake zambiri pa CC0 mu 2017, ndipo Rijksmuseum ya ku Amsterdam imalola kutsitsa zithunzi zazikulu za ntchito zakale. Mafonti, amene ndi masitayilo a zilembo, nawo ali ndi zilolezo zawo, muziwerenga. Lembani kumene mwatenga chinthu chilichonse nthawi yomweyo. Mukajambula nkhope ya munthu kuti muiike pa zamalonda, pemphani chilolezo cholemba.

Popeza kwabwera AI, kuphunzira zonsezi kuli ndi phindu?

Kuli nalo. Kuyambira mu 2022, pamene DALL-E 2, Midjourney ndi Stable Diffusion zinafika kwa anthu ambiri, kupanga chithunzi chooneka bwino kwakhala kwapafupi. Koma kasitomala akati dzanja litsike pang'ono, mtundu ufanane ndendende ndi wa kampani, ndipo zituluke pa A3 mawa, pamafunika munthu wodziwa masiki, pulofayilo ndi mapikiselo. Pamafunikanso diso lozindikira kuti mthunzi ukugwera kolakwika.

Maganizo anga ndi akuti chaka choyamba muzichita ndi manja zimene mukuphunzira, ngakhale batani lochita zomwezo lilipo. Wosadulapo chithunzi yekha sangaone pamene makina aphonya. Tsatirani malamulo a sukulu yanu, nenani poyera pamene mwagwiritsa ntchito AI, ndipo dziwani kuti ku America ofesi yoona za umwini wa ntchito zaluso imafuna kuti pakhale dzanja la munthu kuti ntchito itetezedwe.

Kusintha chithunzi kumafika pati kuti kukhale bodza?

Zimatengera chimene chithunzicho chikulonjeza. Pa positala ya sewero, sinthani mmene mungafunire. Pa chithunzi cha nkhani, kukonza kuwala n'kololedwa koma kuchotsa kapena kusuntha chinthu ayi. Mu 1982 magazini ya National Geographic inayandikizitsa mapiramidi a ku Giza kuti akwane pachikuto, ndipo nkhaniyi imakambidwabe m'makalasi mpaka lero. Pankhope za anthu, chotsani chiphuphu cha lero, koma musayeretse khungu kapena kusintha thupi la munthu iye asanapemphe. Khungu lakuda lili ndi mitundu yambiri mkati mwake, ndipo kuliwalitsa mopupuluma kumalichititsa kutuwa. Phunzirani kuliunikira bwino pojambula.

Mafayilo anga ndi chipwirikiti. Nditani?

Ntchito iliyonse ikhale ndi foda yake, mkati mwake mukhale zoyambira, zogwiriramo ntchito ndi zotumiza. Zoyambira musazikhudze. Dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, lithere ndi nambala ya kope, monga v01, v02. Sungani makope atatu pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi kumene mumagwirira ntchito, kaya pa intaneti. Fulashi disiki ndi yonyamulira, si yosungira.

Zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndiziyeserera chiyani?

Zoyambira zimagwirika m'temu imodzi ngati mukugwira pafupipafupi. Theka la ola tsiku lililonse limaposa tsiku lathunthu kamodzi pamwezi. Mavidiyo ophunzitsa ndi abwino, koma mukatha kuonera, tsekani n'kubwereza pa chithunzi chanu, chifukwa kutsatira sitepe ndi sitepe kumanamiza munthu kuti wadziwa.

Tengani lumo kapena kiyi, mujambule, mulondole m'mphepete mwake ndi Pen pogwiritsa ntchito timadontho tochepa mmene mungathere. Pen imakwiyitsa aliyense poyamba, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Phatikizani zithunzi ziwiri zojambulidwa malo osiyana mpaka kuwala ndi mithunzi zigwirizane. Konzani chithunzi chakale chong'ambika. Pangani positala imodzi, muitulutse ya papepala ndi ya pafoni, muone zimene zikusintha. Lowezani njira zachidule za pa kiyibodi zisanu pa sabata. Onetsani anzanu ntchito isanathe, pamene mungathe kusintha. Maso nawo apumitseni: pakatha mphindi 20 zilizonse yang'anani patali kwa masekondi 20.

Ndiyang'ane chiyani ndisanatumize ntchito kwa osindikiza?

Afunseni kaye mtundu wa fayilo ndi pulofayilo imene akufuna. Ambiri amapempha PDF/X, mtundu wa PDF wokonzedwera zosindikiza. Ngati mtundu kapena chithunzi chikufika m'mphepete mwa pepala, chipitirizeni mamilimita 3 kunja kwa mzere wodulira mbali zonse, chifukwa mpeni wa makina sugwa pamalo amodzimodzi nthawi zonse ndipo mungatsale kamzere koyera. Zilembo zikhale mamilimita angapo mkati mwa mzerewo. Onetsetsani kuti mafonti alowa mu PDF, kapena asandutseni mavekita pa kope lotumiza lokha. Onani kuti zithunzi zonse zolumikizidwa zilipo ndipo zili ndi mapikiselo okwanira pa kukula kumene mwaziika.

Kenako tsegulani PDF yomalizayo, osati fayilo yogwiriramo ntchito, muikulitse pa 100% n'kuyenda nayo kona ndi kona. Sindikizani kope pa pirinta wamba, mupatse munthu amene sanaionepo kuti awerenge maina, masiku ndi manambala a foni mokweza.